Mapointi a ndege ndi mahotela: mbiri yake, zomwe zasintha ndi zomwe apaulendo a boma ayenera kudziwa

LILONGWE: Wogwira ntchito m'boma aliyense amene anakwerapo ndege pa bwalo la Kamuzu International Airport popita ku msonkhano wakunja anafunsidwapo ngati ali ndi nambala ya umembala, kaya pogula tikiti kapena popereka chikwama. Nambalayi ndi ya ndondomeko zomwe makampani a ndege ndi mahotela anakhazikitsa pofuna kuti makasitomala awo asamapite kwina. Wolembetsa amapatsidwa mapointi pa ulendo uliwonse womwe wayenda kapena usiku uliwonse womwe wagona, ndipo mapointiwo akachuluka angathe kuwasinthanitsa ndi tikiti, chipinda cha hotela kapena mpando wabwino m'ndege.

Ndondomekozi zatha zaka zoposa 40 ndipo zasintha kwambiri. Pachiyambi mphoto inkatengera kutalika kwa mtunda womwe munthu wayenda. Masiku ano makampani ambiri akuluakulu amayang'ana ndalama zomwe zalipidwa, ndipo mtengo wa mphotozo amausintha nthawi iliyonse yomwe afuna. Kusinthaku kukukhudza ogwira ntchito ku Capital Hill, m'nthambi za boma ndi m'mabungwe omwe ali ku City Centre, chifukwa maulendo awo ambiri amalipiridwa ndi ndalama za misonkho kapena za mayiko othandiza dziko lino.

Momwe ndondomekozi zimayendera

Ganizo lake ndi lodziwika kale kwa aliyense amene amagula zinthu pamsika waukulu wa ku Old Town. Wogulitsa tomato amawonjezera basela kwa kasitomala wake n'cholinga choti adzabwerenso mawa. Kusiyana kwake n'kwakuti basela wa pamsika munthu amapita naye kunyumba tsiku lomwelo, pomwe mapointi amatsala m'kaundula wa kampani ndipo kampaniyo ndiyo imanena tsiku, malo ndi mtengo wowagwiritsira ntchito.

Makampani a ndege amawerenga zinthu ziwiri zomwe anthu ambiri amazisokoneza. Choyamba ndi mapointi ogulira mphoto, omwe makampani ambiri amawatchula kuti mamailosi. Awa amasonkhanitsidwa, amagwiritsidwa ntchito, ndipo m'ndondomeko zambiri amatha mphamvu pakapita nthawi yoikika. Chachiwiri ndi mapointi okwezera membala pa mlingo. Awa sagulira kanthu, koma ndi omwe amaonetsa ngati munthu akuyenera khadi lapamwamba. Mwachitsanzo, ndondomeko ya ShebaMiles ya kampani ya Ethiopian Airlines ili ndi milingo ya Blue, Silver, Gold ndi Platinum. Mlingo umawunikidwanso pakatha nyengo iliyonse, kawirikawiri chaka chimodzi, ndipo munthu amene wachepetsa maulendo amatsitsidwa.

Amene ali pa mlingo wapamwamba amaloledwa kunyamula katundu wochulukirapo, kukwera ndege ena asanakwere komanso kudikirira m'chipinda chapadera chopumulira pa bwalo la ndege. Kwa munthu wochokera ku Lilongwe, amene nthawi zambiri amadikira maola angapo ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg asanapitirize ulendo, mwayi wa mtunduwu ndi womwe amauona msanga kusiyana ndi tikiti yaulere.

Chiyambi chake ku America

Ndondomekozi zinabadwa kaamba ka mpikisano. M'chaka cha 1978 dziko la America linakhazikitsa lamulo lochotsa ulamuliro wa boma pa mitengo ya matikiti ndi njira zomwe ndege zimayenda. Kuyambira pamenepo kampani iliyonse inayenera kulimbirana apaulendo. M'chaka cha 1979 kampani ya Texas International Airlines inayamba kupereka mphoto potengera mtunda, koma ndondomeko yomwe inatchuka ndi kutsanziridwa ndi makampani ena ndi ya AAdvantage, yomwe kampani ya American Airlines inakhazikitsa pa 1 Meyi 1981. Patangopita masiku ochepa kampani ya United Airlines inatulutsa yake ya Mileage Plus, ndipo Delta inatsatira m'chaka chomwecho.

American Airlines inali ndi makompyuta osungira maina a ogula matikiti otchedwa Sabre, omwe anaithandiza kudziwa anthu amene ankayenda pafupipafupi. Ambiri mwa anthuwo anali apaulendo a ntchito omwe sankalipira tikiti ndi ndalama za m'thumba mwawo. Apa ndi pomwe panagona nzeru ya ndondomekoyi: wolipira anali wolemba ntchito, koma mphoto inkapita kwa wokwera ndege, amenenso nthawi zambiri ndiye ankasankha kampani yoti ayende nayo. Kwa kampani ya ndege mphotoyo inali yotsika mtengo, chifukwa inkaperekedwa pa mipando yomwe ikanapita yopanda munthu.

Kuwerengera kunali kosavuta. Mtunda wa mailo imodzi, yomwe ndi makilomita pafupifupi 1.6, unkabweretsa pointi imodzi. Kampani inkasindikiza tchati choonetsa mtengo wa mphoto iliyonse, ndipo kwa zaka zambiri mapointi 25,000 ankakwanira tikiti yopita ndi kubwerera mkati mwa dziko la America. Membala ankadziwiratu kuti watsala ndi maulendo angati kuti apeze tikiti yake.

Mahotela sanachedwe kutengera chitsanzochi. M'chaka cha 1983 Holiday Inn inakhazikitsa Priority Club, ndipo Marriott inayambitsa Honored Guest Awards chakumapeto kwa chaka chomwecho. Hilton ndi Hyatt anakhazikitsa zawo mu 1987. M'chaka cha 1987 chomwecho banki ya Citibank inatulutsa khadi logulira zinthu pangongole lomwe linkapereka mapointi a AAdvantage pa dola iliyonse yomwe mwini khadi wagwiritsa ntchito. Kuchokera nthawi imeneyo zinali zosavuta kusonkhanitsa mapointi a ndege popanda kukwera ndege.

Momwe zinafikira apaulendo a ku Lilongwe

Mzinda wa Lilongwe unakhala likulu la dziko lino m'chaka cha 1975, ndipo bwalo la ndege la Kamuzu, lomwe lili pafupi ndi Lumbadzi, linatsegulidwa mu 1983. M'zaka zotsatira makampani a ku Ulaya monga KLM ndi British Airways ankatera pa bwaloli, koma pambuyo pake anasiya. Kuyambira pamenepo apaulendo ambiri opita kutali akhala akudalira njira zitatu: ya ku Johannesburg, ya ku Nairobi ndi ya ku Addis Ababa. Mbiri ya mapointi kwa anthu a ku Lilongwe yatsatira mbiri ya makampani omwe akhala akuyenda m'njira zimenezi.

Kampani ya South African Airways inakhazikitsa ndondomeko ya Voyager m'chaka cha 1994. Ethiopian Airlines inayambitsa ShebaMiles mu 1999. Kenya Airways, yomwe gawo lina la masheya ake linagulidwa ndi KLM m'zaka za m'ma 1990, inkagwiritsa ntchito ndondomeko ya KLM, yomwe mu 2005 inaphatikizidwa ndi ya Air France n'kukhala Flying Blue. M'chaka cha 2023 Kenya Airways inakhazikitsa ndondomeko yakeyake yotchedwa Asante Rewards.

Chinthu china chomwe chinakweza phindu la makhadiwa ndi migwirizano ya makampani a ndege. Mgwirizano wa Star Alliance unakhazikitsidwa mu 1997, wa oneworld mu 1999 ndipo wa SkyTeam mu 2000. South African Airways inalowa mu Star Alliance m'chaka cha 2006 ndipo Ethiopian Airlines inalowamo mu Disembala 2011. Kenya Airways inakhala membala weniweni wa SkyTeam mu 2010. Izi zinatanthauza kuti nthumwi ya dziko lino yopita ku Geneva, ku New York kapena ku Beijing inkatha kulemba mapointi a ulendo wonse pa khadi limodzi, ngakhale itasintha ndege kangapo, bola makampani onse akhale a mgwirizano umodzi.

Kampani ya ndege ya dziko lino nayonso inasintha m'nyengo yomweyi. Air Malawi, yomwe inakhazikitsidwa mu 1964, inalowa m'ndondomeko yothetsedwa chakumapeto kwa chaka cha 2012 chifukwa cha ngongole. M'malo mwake munabwera Malawian Airlines, yomwe tsopano imadziwika kuti Malawi Airlines ndipo inayamba kuuluka pa 31 Januwale 2014. Pokhazikitsa kampaniyi, Ethiopian Airlines inatenga magawo 49 pa 100 aliwonse a masheya, ndipo magawo 51 anatsala kumbali ya Malawi. Potsatira ubalewu kampani yatsopanoyi inatenga ShebaMiles ngati ndondomeko yake ya mphoto, zomwe zinachititsa kuti khadili lifalikire pakati pa apaulendo a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Komabe Malawi Airlines payokha si membala wa Star Alliance.

Kuchoka pa mtunda kupita pa ndalama

Kusintha kwakukulu kunachitika m'chaka cha 2015. Mu Januwale chakacho Delta inasiya kupereka mapointi potengera mtunda ndipo inayamba kuwerengera mtengo wa tikiti. United inachita chimodzimodzi mu Malichi, ndipo American Airlines inatsatira mu 2016. Ku Africa kuno South African Airways inasintha Voyager m'njira yomweyi mu Febuluwale 2015. Flying Blue inasintha mu 2018, pomwe British Airways inayamba kuwerengera mapointi ake a Avios pa ndalama mu 2023, kenaka mu 2025 inachita zomwezo pa mapointi okwezera mlingo.

Chifukwa chake chinali chakuti matikiti otsika mtengo anachuluka. Munthu wogula tikiti yotchipa ya ulendo wautali ankapeza mapointi ambiri kuposa wogula tikiti yodula ya ulendo waufupi, pomwe wachiwiriyu ndiye ankabweretsa phindu lochuluka ku kampani. Pa ndondomeko yatsopano ya Delta, membala wamba ankapatsidwa mapointi 5 pa dola iliyonse, ndipo wa mlingo wapamwamba kwambiri ankapatsidwa 11. Choncho anthu awiri okwera ndege imodzi, wina atalipira madola 300 wina madola 900, ankalandira mapointi 1,500 ndi 4,500. Wolipira madola 900 uja akakhala wa mlingo wapamwamba kwambiri ankalandira 9,900. Misonkho ya boma yomwe ili pa tikiti siwerengedwa nawo.

Ndondomeko zomwe zinapitiriza kuwerengera mtunda nazonso zinasintha mwa njira ina. Tikiti iliyonse imakhala ndi chilembo choonetsa gulu la mtengo wake, ndipo chilembocho ndi chomwe chimanena gawo la mtunda lomwe lilembedwe. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Addis Ababa ndi mtunda wa mamailosi pafupifupi 1,600, kutanthauza 3,200 kupita ndi kubwerera. Pa kuwerengera kwakale, maulendo asanu ndi atatu otere akanakwanitsa mapointi 25,000. Tikiti ikakhala ya gulu lomwe limalembedwa theka lokha, pamafunika maulendo 16. Kupita ku Johannesburg ndi mamailosi pafupifupi 925 ndipo ku Nairobi pafupifupi 890, choncho woyenda m'chigawo chino chokha amatenga nthawi yaitali kuposa pamenepa.

Mbali yogwiritsa ntchito mapointi inasinthanso. Delta inachotsa tchati cha mitengo ya mphoto mu 2015 ndipo United inachita zomwezo mu 2019. M'malo mwa mtengo wokhazikika, kuchuluka kwa mapointi ofunika pa tikiti kunayamba kukwera ndi kutsika malinga ndi tsiku komanso kuchuluka kwa ofuna mipando, monga momwe mtengo wa tikiti wamba umachitira. Membala sangathenso kudziwiratu kuti mapointi omwe wasunga adzagula chiyani chaka chamawa.

Tikiti ya mphoto siikhalanso yaulere kotheratu. Mwini wake amalipirabe misonkho ya mabwalo a ndege, ndipo makampani ena amawonjezerapo ndalama zawo. Ndalamazi nthawi zambiri zimawerengedwa m'madola. Mphamvu ya ndalama ya kwacha itachepetsedwa ndi magawo 25 pa 100 aliwonse mu Meyi 2022 komanso ndi magawo 44 mu Novembala 2023, gawo lolipira ndi ndalamali linakwera kwa aliyense amene amalandira malipiro ake m'makwacha.

Mabanki ndi malonda a mapointi

Zomwe zinayamba ndi khadi la Citibank mu 1987 zinakula mpaka kukhala gwero lalikulu la ndalama kwa makampani a ndege. Banki imagula mapointi ku kampani ya ndege ndi ndalama zenizeni, kenaka imawagawira makasitomala ake akamagula zinthu ndi khadi. M'chaka cha 2023 Delta inalandira madola pafupifupi 6.8 biliyoni kuchokera ku American Express kudzera mu mgwirizano wa mtunduwu. Ku South Africa banki ya Nedbank yakhala ikutulutsa makhadi a Voyager kwa zaka zambiri.

Kukula kwa malondawa kunaonekera poyera nthawi ya mliri wa Covid-19, pomwe ndege zambiri zinaima. Muno m'dziko maulendo a ndege za kunja anaimitsidwa pa 1 Epulo 2020 ndipo bwalo la Kamuzu linatsegulidwanso pa 1 Sepitembala chaka chomwecho. Ku America makampani anakongola ndalama poika ndondomeko zawo za mapointi ngati chikole. United inapeza madola 6.8 biliyoni ndipo Delta madola 9 biliyoni mu 2020, pomwe American Airlines inapeza madola 10 biliyoni mu 2021. Panthawiyo United inati ndondomeko yake ya MileagePlus inali ya mtengo wa madola pafupifupi 22 biliyoni, womwe unaposa mtengo wa masheya a kampani yonse pamsika.

Zotsatira zake n'zakuti mapointi ambiri padziko lapansi tsopano amachokera pa kugula ndi makhadi a banki m'mayiko olemera. Mapointi akachuluka chotere pomwe mipando ya mphoto ili yochepa, mtengo wa mphoto umakwera, monga zimakhalira ndalama zikachuluka pamsika wa katundu wochepa. Wapaulendo wa ku Lilongwe amene amapeza mapointi ake pokwera ndege kokha amalimbirana mipando yomweyo ndi anthu omwe amawapeza pogula zakudya ndi mafuta a galimoto.

Mahotela a ku Lilongwe ndi mapointi

Mbiri ya mahotela mu mzinda uno inayenda mosiyana pang'ono. Lilongwe Hotel ya ku Old Town ndi Capital Hotel ya ku City Centre, yomwe inamangidwa m'zaka za m'ma 1970 pamodzi ndi likulu latsopano, zili pansi pa kampani ya Sunbird Tourism. Gawo lalikulu la masheya a kampaniyi ndi la boma, ndipo inalowa pamsika wa masheya wa Malawi Stock Exchange mu 2002. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 Capital Hotel inkayendetsedwa pansi pa dzina la Le Méridien, koma mgwirizanowo unatha ndipo hotelayi inayamba kudziwika kuti Sunbird Capital.

Pambuyo pake mu mzindawu munabwera malo ena ogona ndi ochitira misonkhano, monga Crossroads Hotel, President Hotel ya ku Umodzi Park moyandikana ndi Bingu wa Mutharika International Convention Centre, komanso malo ang'onoang'ono ambiri m'madera a Area 3, Area 9, Area 10, Area 12 ndi Area 43. Ambiri mwa malowa ndi a eni ake a konkuno ndipo sali m'magulu akuluakulu a mahotela a padziko lonse. Chomwe chakhala chikukopa maunduna, maofesi a akazembe ndi mabungwe ku malo oterewa ndi mtengo wapadera womwe amagwirizana ndi hotela, ndipo phindu lake limapita kwa wolipira mwachindunji.

Kunja kwa dziko lino magulu a mahotela anapitiriza kumezana. M'chaka cha 2014 Marriott inagula Protea Hotels ya ku South Africa, zomwe zinalowetsa hotela ya Ryalls ya ku Blantyre, yomwe imagwiritsa ntchito dzina la Protea, m'banja la Marriott. Mu 2016 Marriott inagulanso Starwood, yomwe inali itatenga dzina la Le Méridien mu 2005, ndipo mu Febuluwale 2019 ndondomeko zake zonse zinayamba kudziwika ndi dzina limodzi la Marriott Bonvoy. Kampani ya Blantyre Hotels, yomwe ndi mwini wa Ryalls, inayambanso kumanga hotela ina ya dzina la Protea ku Lilongwe pafupi ndi Lilongwe Golf Club.

Mahotela akhala akuwerengera mapointi pa ndalama kuyambira kale, ndipo ku Marriott mlingo wodziwika ndi mapointi 10 pa dola iliyonse m'mahotela ake ambiri. Chomwe chinasintha ndi mtengo wa chipinda cha mphoto. Mu Malichi 2022 Marriott inachotsa tchati chake cha mitengo yokhazikika, monga anachitira makampani a ndege. Malamulo a magulu akuluakuluwa amanenanso kuti chipinda chomwe chasungitsidwa kudzera pa makampani ena a pa intaneti, kapena chomwe chalipiridwa pamodzi ndi cha gulu lonse ndi okonza msonkhano, kawirikawiri sichibweretsa mapointi kwa wogonamo. Nthumwi zambiri za boma zopita ku misonkhano ya kunja zimagona m'zipinda zolipiridwa mwa njira yachiwiriyi.

Kampani ikagwa kapena kusintha malamulo

Mapointi si ndalama zosungidwa ku banki. Malamulo a ndondomeko zambiri amanena momveka bwino kuti mapointi si katundu wa membala, ndipo kampani ili ndi mphamvu yosintha mtengo wake kapena kutseka akaunti. M'chaka cha 2014 bwalo lalikulu la milandu ku America linagamula mokomera kampani ya Northwest Airlines pa mlandu womwe membala wina, Binyomin Ginsberg, anaisumira itamuchotsa pa mlingo wapamwamba. Mu Sepitembala 2024 unduna woona za maulendo m'dzikolo unayamba kufufuza ndondomeko za makampani anayi akuluakulu, mwa zina pa nkhani yochepetsa mphamvu ya mapointi omwe anthu anali atasonkhanitsa kale.

Kampani ikagwa, mapointi angathe kupita nayo. Kampani ya Ansett ya ku Australia itagwa mu 2001, mamembala ake anataya mapointi awo. Pafupi ndi kwathu kuno, South African Airways inalowa m'ndondomeko yopulumutsa kampani mu Disembala 2019, inaimitsa maulendo ake wamba mu 2020 ndipo inayambiranso mu Sepitembala 2021 ili ndi ndege zochepa komanso njira zochepa. Ndondomeko ya Voyager siinathe, koma kwa nthawi yaitali mamembala analibe ndege zokwanira za kampaniyi zoti agwiritsirepo ntchito mapointi awo. Kampani ya Airlink, yomwe inkagwira ntchito pansi pa chizindikiro cha South African Airways, inadziimira payokha mu 2020 ndipo inakhazikitsa ndondomeko yake ya Skybucks mu 2023.

Palinso nkhani ya chinsinsi. Polembetsa, membala amapereka dzina, tsiku lobadwa ndipo nthawi zina nambala ya pasipoti, ndipo kampani imasunga mbiri ya maulendo ake onse. Mu Novembala 2018 Marriott inalengeza kuti akuba a pa intaneti anali atalowa m'kaundula wa alendo wa Starwood kuyambira mu 2014, ndipo zolembedwa zokhudza alendo mamiliyoni mazanamazana zinakhudzidwa. Kwa akuluakulu a boma, omwe maulendo awo ena amakhudza zokambirana zachinsinsi, iyi ndi nkhani yoyenera kuiganizira.

Kodi mwini mapointi a ulendo wa boma ndani?

Funsoli lakhalapo chiyambireni ndondomekozi, chifukwa wolipira tikiti ndi wolandira mphoto amakhala anthu awiri osiyana. Mayiko aliyankha mosiyanasiyana. Ku America ogwira ntchito m'boma poyamba sankaloledwa kugwiritsa ntchito mapointi a maulendo a ntchito pa zofuna zawo, koma lamulo lomwe linasainidwa mu Disembala 2001 linawalola kutero, malinga ngati mapointiwo aperekedwa pa mfundo zomwe zili zotsegukira anthu onse komanso boma silinawonjezere ndalama iliyonse kuti apezeke.

Ku Germany zinthu zinayenda mbali ina. M'chaka cha 2002 zinadziwika kuti aphungu angapo a nyumba ya malamulo anagwiritsa ntchito mapointi a maulendo a ntchito pa maulendo awoawo, ndipo Gregor Gysi, yemwe panthawiyo anali nduna yoona za chuma ndi malonda mu boma la mzinda wa Berlin, anatula pansi udindo wake. Mu 2006 bwalo lalikulu loweruza milandu ya ntchito m'dzikolo linagamula kuti wolemba ntchito amene walipira ulendo ali ndi ufulu wolamula kuti mapointiwo agwiritsidwe ntchito pa maulendo a ntchito. Boma la Australia linasankha njira yachitatu: kuyambira mu 2010 mapangano ake ogulira matikiti amachotseratu mapointi ogulira mphoto pa maulendo a ogwira ntchito m'boma.

Ngakhale mayankhowa akusiyana, onse akuteteza chinthu chimodzi, chomwe ndi kuonetsetsa kuti mphoto isakhale chifukwa chosankhira ulendo. Pamene makampani ambiri akupereka mapointi potengera ndalama, nkhaniyi yakula kuposa kale. Tikiti yodula, mpando wa business class kapena njira yozungulira zimabweretsa mapointi ochuluka kwa wokwera, pomwe ndalama yowonjezerayo imachoka m'thumba la boma. Muno m'dziko malamulo oyendetsera chuma cha boma amapereka udindo kwa alembi akuluakulu a maunduna ndi akuluakulu a nthambi woonetsetsa kuti ndalama zagwiritsidwa ntchito mosamala. Lamulo lothana ndi katangale la chaka cha 1995, lomwe linakhazikitsa bungwe la Anti-Corruption Bureau, lili ndi ndime zoletsa wogwira ntchito m'boma kugwiritsa ntchito udindo wake molakwika pofuna kudzipindulitsa.

Kuchepetsa maulendo a boma nakonso kumakhudza makhadiwa. Mu Novembala 2023 mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Lazarus Chakwera, anaimitsa maulendo a kunja olipiridwa ndi boma kwa ogwira ntchito m'boma mpaka kumapeto kwa chaka cha chuma mu Malichi 2024. Popeza mlingo wa membala umatengera maulendo a nyengo yomwe yangotha, miyezi ingapo yopanda ulendo imakwanira kutsitsa munthu kuchoka pa mlingo wina kupita pa wotsika. Kutsikako si chifukwa chomveka chopemphera ulendo wosafunikira.

Zoyenera kukumbukira

Wogwira ntchito m'boma amene ali ndi khadi la mtunduwu ayenera kuyamba wamva kwa akuluakulu a unduna kapena bungwe lomwe lalipira ulendo zomwe malamulo awo amanena pa mapointi, chifukwa mabungwe othandiza dziko lino ali ndi malamulo awoawo. Kusankha kampani ya ndege, njira ndi hotela kuyenera kutsatira mtengo ndi zofuna za ntchitoyo.

Pamene malamulo alola kulemba mapointi, nambala ya umembala iperekedwe pogula tikiti, ndipo dzina la pa khadi lifanane ndi la pa pasipoti. Ziphaso zokwerera ndege zisungidwe mpaka mapointi ataonekera mu akaunti, chifukwa ndi zomwe kampani imafuna poona madandaulo, ndipo nthawi yodandaulira ili ndi malire. Kusonkhanitsa pa khadi limodzi la mgwirizano umodzi kumathandiza kuposa kumwaza mapointi ochepaochepa m'makhadi ambiri. Tsiku lotha mphamvu liyenera kuonedwa pafupipafupi. Mbiri ya ndondomekozi kuchokera mu 1981 ikuonetsa kuti mtengo wa mphoto wakhala ukukwera, choncho mapointi omwe akwanira kugula kanthu lero ndi bwino kuwagwiritsa ntchito kusiyana ndi kuwasunga kwa zaka zambiri.